Dorothy Masuka, mwana wa obwera amene anapekera Afrika nyimbo

Munthu akayenda m'misewu ya Mkoba, komboni yaikulu kuposa zonse mumzinda wa Gweru, n'kumafunsa mayina a eni nyumba, sachedwa kukumana ndi a Phiri, a Banda, a Mwale kapena a Tembo. Ambiri mwa iwo tsiku lonse amayankhula Chishona kapena Chindebele, ndipo Chichewa chimatulukira pamaliro, kudambwe ndi pakamwa pa agogo. Awa ndi adzukulu a anthu amene ananyamuka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Nkhata Bay, ku Chipata ndi ku Angonia kudzakumba chrome ku Shurugwi, asbestos ku Zvishavane ndi golide pamgodi wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, ena kudzasungunula chitsulo ku Redcliff. Migodi itayamba kudula antchito, ina n'kutsekeratu, mabanja ochuluka analowera m'matauni. Kumudzi kobwerera kunalibe, poti mudzi umene ankaudziwa unali komboni ya pamgodi.

Mbiri ya anthu amenewa imakambidwa ngati ya amuna okhaokha: msonkho wa atsamunda umene unawachotsa kwawo, magalimoto a Ulere, Mthandizi ndi Wenela, chitupa, ndi matchona amene sanabwererenso. Za ana aakazi obadwira m'njira imeneyi sizimveka kwenikweni. Komatu mmodzi mwa anawo anakula n'kukhala pakati pa amayi oyambirira akuda kudzipekera okha nyimbo, kuziimba, n'kuzimvetsa m'maiko onse a kuno kum'mwera. Dzina lake Dorothy Masuka. Sanali Mchewa ndipo sanabadwire ku Mkoba, koma aliyense wa ku Mkoba amene agogo ake anawoloka Zambezi katundu ali pamutu angaimve mbiri yake ngati ya mwana wa kubanja kwawo.

Anabadwa pa 3 Sepitembala 1935 ku Bulawayo, makilomita pafupifupi 160 kuchokera ku Gweru potsata njanji. Bambo ake anachokera ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, ndipo ankaphika pahotela, ntchito imene amuna a kumpoto kwa Zambezi ankadziwika nayo m'matauni a Rhodesia. Mayi ake anali Mzulu. Mwa ana 7 a m'banjamo, Dorothy anali wachinayi. Dzina la banja linali Masuku, koma akampani ya zimbale analemba Masuka, ndipo linakakamira lomwelo mpaka imfa.

Bulawayo wa masiku amenewo anali mphambano ya njanji. Sitima zochokera ku Cape, ku Beira kudzera ku Salisbury ndi Gwelo (lero Harare ndi Gweru), ndi ku migodi ya kopa kudzera pamlatho wa Victoria Falls zinkakumana pomwepo, ndipo zinkatsitsa anthu a zinenero zonse. M'komboni yakale ya Makokoba munkamveka Chindebele, Chikalanga, Chishona, Chilozi, Chinyanja ndi Chitonga pampopi umodzi. Obwerawo sanabwere ndi manja okha. Mu 1927 Robert Sambo wa ku Nyasaland anayambitsa mumzindamo nthambi ya ICU, bungwe la apantchito limene Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anakhazikitsa ku Cape Town mu 1919, ndipo boma linamuthamangitsa m'dzikomo. Mu 1945 antchito a njanji ananyanyala ntchito, ndipo mu 1948 kunyanyala kwina kunayambira ku Bulawayo n'kufalikira m'matauni ena. Mwana wokulira pamalo otere sakanaphunzira kuti ndale ndi za anthu ena.

Nyimbo nazo zinali pachimake. Ku Stanley Hall, m'Makokoba momwemo, kunkachitika makonsati ndi madansi a Loweruka. August Musarurwa, katswiri wa saxophone amene anakhalapo womasulira kupolisi, ankatsogolera gulu la oimba a kampani ya nyama ya Cold Storage Commission. Nyimbo yake ya Skokiaan, yotchedwa dzina la mowa wa chikokeyani umene unkafulidwa mobisa m'makomboni, inafika ku America mu 1954, ndipo Louis Armstrong anaijambula, Pérez Prado wa ku Cuba, mfumu ya mavinidwe a mambo, naye anaijambula. Nyimbo ya m'komboni ya Bulawayo inkavinidwa ku New York eni ake akuyendabe ndi zitupa m'thumba.

Koma bwalo limeneli linali la amuna. Atsamunda ankaona tauni ngati malo a mwamuna wapantchito, ndipo lamulo la 1946 lokhudza malo okhala anthu akuda m'matauni linkalola mkazi kukhalamo makamaka ngati mkazi wa uje. Amayi osakwatiwa ofuna kukhala m'matauni ndi m'makomboni a migodi ankawakakamiza kupimidwa matenda opatsirana pogonana, chipongwe chimene Ashona ankachitcha chibheura. Kunyumba nako kunali kovuta: mtsikana woimba usiku pamaso pa amuna akumwa ankamupatsa dzina loipa lisanache. N'chifukwa chake amayi oyambirira kukwera pasiteji nthawi zambiri ankakwera ndi abale awo kapena amuna awo. Lina Mattaka, mmodzi mwa oyamba penipeni, ankaimba ndi mwamuna wake Kenneth Mattaka, wobadwira ku Nyasaland, mtsogoleri wa gulu la Bantu Actors. Evelyn Juba ku Bulawayo ndi Faith Dauti ku Salisbury nawo analambulako njirayo. Mayina awo akanaiwalika pakadapanda Joyce Jenje Makwenda, amene anatha zaka zambiri akufunsa nkhalamba ndi kusonkhanitsa zithunzi, n'kulemba buku la Zimbabwe Township Music ndi lina la amayi oimba a m'dzikomo.

Dorothy anapita patsogolo pa onsewa chifukwa anayenda yekha. Ali ndi zaka pafupifupi 12, thanzi lake litavuta, anamutumiza ku South Africa, kumene anakaphunzira pasukulu ya masisiteri ya St Thomas ku Johannesburg. Kumeneko mngoli wake unamveka pamakonsati a pasukulu mpaka unafika m'makutu a kampani ya zimbale ya Troubadour, imene wosaka oimba wake anali Cuthbert Matumba. Ali ndi zaka 16 anathawa sukulu kupita ku Durban kukalowa gulu la African Ink Spots la Philemon Mogotsi. Makolo ndi masisiteri sanakondwe nazo, koma mwanayo anali atasankha kale. Ku Bulawayo anaimba ndi Golden Rhythm Crooners, ndipo ku South Africa anadzayenda ndi chionetsero cha African Jazz and Variety cha Alf Herbert, momwe munadutsanso Dolly Rathebe ndi Miriam Makeba.

Nyimbo imene inamutchukitsa ndi Hamba Nontsokolo ya mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa. Mwini wake ankafotokoza kuti inamubwerera ali m'sitima. Ikukamba za munthu wovutika, ndipo imayenda ndi kugunda kopepuka kwa jive wa m'tauni, koma maimbidwe ake ndi a kumudzi, a wotsogolera ndi ovomera. Apa ndiye panali luso la Dorothy. Ankamvera oimba a jazz a ku America ngati anzake onse, koma sanafune kukhala chithunzi chawo. Ankatenga mawu ochepa, a tsiku ndi tsiku, amene mayi wochapa kwa mzungu kapena mnyamata wa pamgodi angawagwire atangomva kamodzi, n'kuwaika pa kayimbidwe koti munthu sangakhale pansi. Mawu ake anali okhuthala, osanyengerera, a munthu wouza anzake nkhani osati wopempha chifundo.

Pamenepo n'kuti ali ndi zaka 18 zokha, ndipo posakhalitsa anakhala woimba wodalirika wa Troubadour. Magazini ya Drum inkasindikiza zithunzi zake. Zimbale zake zinkatuluka motsatizana.

Njira imene nyimbozi zinkafikira anthu ndi nkhani payokha, ndipo ndi pamene mbiri ya Dorothy imakumanirana ndi ya migodi ya Midlands. Chimbale cha nthawiyo chinali chosweka ngati mbale yadothi, nyimbo imodzi mbali ino ina mbali inayo, ndipo galamafoni inkafuna kupukusa ndi kusintha singano pafupipafupi. Kwa mwamuna wa pamgodi wa ku Selukwe, Shabani kapena Que Que, monga momwe Shurugwi, Zvishavane ndi Kwekwe ankatchulidwira, galamafoni inali chuma chofanana ndi njinga ndi sutikesi: umboni woti sanapite ku Halale kukasewera. Loweruka ikalira pakhomo, komboni yonse inkasonkhana, ndipo mwini wake akabwerera kumudzi inkapita naye pamodzi ndi zimbale zokutidwa m'bulangete. Panalinso wailesi. Kuyambira mu 1949 kawailesi ka mabatire kotchedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, kanalowa m'nyumba za anthu akuda, ndipo wailesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele kumaiko onse atatu. Mmodzi mwa aulutsi ake otchuka anali woimba Alick Nkhata, amene bambo ake anachokera ku Nyasaland. Motero jive ndi kwela za ku Joni zinkakwera kumpoto pa njanji yomweyo imene inkatsitsa antchito kum'mwera. Daniel ndi Donald Kachamba anamva kwela banja lawo likukhala ku Salisbury kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, n'kupita nayo kwawo ku Chileka, kumene inasanduka nyimbo ya Amalawi. Akuluakulu ananena kale kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Si kuno kokha kumene mwana wamkazi wa obwera anakhala pakamwa pa anthu ake. Ku Texas kunali Lydia Mendoza, wobadwira ku Houston mu 1916 kwa makolo ochokera ku Mexico. Bambo ake ankagwira ntchito kunjanji, ndipo banjalo linakagwirako maganyu m'minda ya ku Michigan. Mu 1934 Lydia anajambula Mal Hombre ku San Antonio, akudziimbira yekha gitala ya nsambo 12, ndipo antchito a Chimexico m'minda ndi m'mafakitale a ku America anamutenga ngati wawo. Dziko lobadwiralo linadzamupatsa mendulo ya National Medal of Arts mu 1999, atakalamba. Amayi awiriwa sanakumane pa kayimbidwe, koma onse anatchuka asanakwane zaka 20, onse anadalira anthu osauka ogula chimbale ndi ndalama ya thukuta, ndipo onse ulemu wa boma unawapeza mochedwa.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti Dorothy anali mpeki woposa momwe analili woimba. Nyimbo zingapo zimene dziko lapansi limazidziwa m'mawu a Miriam Makeba zinachokera kwa iye: Khawuleza, yokamba za ana ochenjeza mayi awo kuti apolisi akubwera, Kulala, Teya Teya, ndi Into Yam, imene Makeba anaimba m'kanema wa Come Back, Africa wa mu 1959. Hugh Masekela naye anajambula nyimbo zake. Awiriwa, Dorothy ndi Miriam, anali paubwenzi kuyambira pautsikana, ndipo palibe chifukwa chowayambanitsira lero. Koma chilungamo chake n'chakuti wina anapita ku America n'kupeza makampani aakulu, maloya ndi wailesi zakanema, pamene wina anatsala kuno. Pata Pata, imene mu 1967 inafika pa nambala 12 pamndandanda wa Billboard ku America, inalembedwa m'dzina la Makeba ndi Jerry Ragovoy. Dorothy ananena mpaka kukalamba kwake kuti nyimboyo inachokera kwa iye. Yavinidwa ku Latin America konse, ndipo Thalía wa ku Mexico anaiika m'chimbale chake cha Arrasando mu 2000.

Nkhani ya ndalama inali yowawa kwa oimba onse akuda a nthawiyo. Makampani ankalipira kamodzi patsiku lojambula, basi, chimbale chigulidwe chotani. Solomon Linda, amene anapeka Mbube mu 1939, anapatsidwa mashiling'i ochepa, ndipo anamwalira wosauka mu 1962 nyimbo yake ikulemeretsa ena ku America. Mtsikana wa zaka 18 wochokera ku Rhodesia analibe pokanira mchitidwe umene unagonjetsa amuna aakulu.

Kukana kwake kunaonekera kwina. Boma la tsankho la National Party litalowa ku South Africa mu 1948, malamulo anayamba kugwa motsatizana: la malo okhala mitundu, la maphunziro a anthu akuda, la ziphaso, mpaka kugwetsedwa kwa Sophiatown kuyambira mu 1955. Dorothy anapeka nyimbo yotchula dzina D. F. Malan, nduna yaikulu imene inayambitsa ulamulirowo, n'kunena poyera kuti malamulo ake ndi ankhanza. Nyimboyo inaletsedwa. Oimba ena ankabisa uthenga m'mikuluwiko kuti apolisi asamve, ndipo imeneyo inali nzeru. Iye anatchula dzina. Ena angati chinali chibwana, koma amene anakulira ku Bulawayo wa masiku aja ankadziwa bwino chimene boma limachita ndi olankhula.

Chimene chinatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga chinali imfa ya Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo, amene anaphedwa ku Katanga pa 17 Januwale 1961. Dorothy anapeka nyimbo yomulira. Apolisi achinsinsi a Special Branch anapita ku Troubadour n'kulanda chimbale choyambirira chimene ena onse ankadindirapo, ndi makope amene anawapeza. Mwini wake n'kuti ali ku Bulawayo, ndipo khomo la South Africa linatsekeka kumbuyo kwake. Boma silinavutike kupeza chifukwa: anali wobadwira kunja. Mayi ake Mzulu, sukulu yake ya ku Johannesburg, ndi chinenero cha nyimbo zake sizinawerengedwe. Panadutsa zaka 31 asanabwerere kukakhalako.

Anatembenukira kumpoto, kumene mphepo ya ufulu inkaomba. Anakhalako ku Nyasaland pa nthawi imene chipani cha Malawi Congress chinali chitapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, anakhalakonso ku Tanganyika, ndipo anapeka nyimbo zotamanda Dr Kamuzu Banda ndi Julius Nyerere. Nyimbo zotamanda Kamuzu ziyenera kumvedwa m'nthawi yake. Panthawiyo anali munthu amene anamangidwa mu 1959 n'kukhala chaka chathunthu m'ndende ya Gwelo, mumzinda womwewu wa Gweru, chifukwa chokana chitaganya, ndipo antchito a ku Nyasaland m'migodi ya Midlands ankamuona ngati mpulumutsi. Zimene zinadzachitika pambuyo pake woimbayo sakanazidziwa: mkangano wa nduna wa mu 1964, kuthawira ku Zambia kwa Rose Chibambo amene anasonkhanitsa amayi pankhondo ya ufulu, ndi ubale wa ukazembe umene Malawi anamanga mu 1967 ndi boma lomwe lija linaphwanya zimbale zake. Dorothy sanakhazikike ku Malawi. Anafikanso ku London, kumene anaimbako kwa kanthawi.

Atabwerera ku Rhodesia mu 1965 anapeza kuti kwawo kobadwira nako kwatentha. Pa 11 Novembala chaka chimenecho Ian Smith analengeza ufulu wa azungu okha, ndipo munthu wa mbiri ngati yake sakanakhalamo mwamtendere. Anawolokera ku Zambia, dziko la bambo ake. Ulendo umene bamboyo anayenda pofuna ntchito, mwana anauyenda chobwerera pothawa ndende.

Ku Zambia anakhala zaka zoposa 15. Lusaka wa nthawi ya Kenneth Kaunda anali msasa wa othawa kwawo, a ANC, a ZAPU ndi ena, koma analibe makampani a zimbale ofanana ndi a ku Johannesburg. Dorothy analowa ntchito yolandira ndi kutumikira apaulendo m'ndege kuti alere ana ake. Kuimba sanasiyiretu, ndipo mu 1969 anakaimba ku Algiers pa chikondwerero chachikulu cha chikhalidwe cha Afrika yense. Komabe zaka zimene woimba amakhala pachimake, kuyambira 30 mpaka 45, zinamuthera kutali ndi situdiyo. Apa ndi pamene pali kutaya kwenikweni, ndipo sikuwerengeka. Nyimbo yoletsedwa imadziwika dzina, anthu n'kumaikumbuka. Nyimbo zimene mpeki wotere akanapeka m'zaka 15 zija palibe angazitchule. Nkhondo nayo inkamutsatira komweko. Mu Okutobala 1978 asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu m'kati mwa Zambia, ndipo Alick Nkhata anaphedwa pafupi ndi Mkushi, kumene anali ndi munda.

Zimbabwe atalandira ufulu mu 1980, Dorothy anabwerera kwawo. Anapeza makutu a anthu atasintha. Chimurenga cha Thomas Mapfumo ndi nyimbo za Oliver Mtukudzi zinali zitatenga malo, ndipo m'mafamu ndi m'migodi munkabadwa sungura. Devera Ngwena Jazz Band ya Jonah Moyo inakulira pamgodi wa Gaths ku Mashava, Tongai Moyo anadzatulukira ku Kwekwe, ndipo ana a obwera, monga Nicholas Zakaria, Alick Macheso ndi abale awiri a Somanje a gulu la Pengaudzoke, analowetsa Chichewa pawailesi ya dzikolo. N'chinthu chonyaditsa kwa a ku Mkoba, koma onani mndandandawo: amuna okhaokha. M'magulu ambiri a sungura mkazi akapezeka pasiteji amakhala wovina kapena wovomera. Malo amene Dorothy anaima mu 1953, a mkazi wopeka, wotsogolera, dzina lake lili pachimbale, anakhalabe osowa. Amene anawafikira anachita kulimbana: Susan Mapfumo ndi gulu lakelake, Stella Chiweshe amene anagwira mbira anthu akuti si ya akazi n'kujambula Kasahwa mu 1974, Busi Ncube wa gulu la Ilanga, ndi Chiwoniso Maraire. Ku Malawi Ethel Kamwendo anayambira m'gulu la alongo ake, njira yomwe ija ya kudzera kubanja.

Dorothy sanakhale chikumbutso cha zakale. Anaimbanso m'Chishona, ndipo Nhingirikiri inavinidwa ndi ana amene sanaonepo galamafoni. Mu 1991 kampani ya Mango ya ku London inatulutsa chimbale chake cha Pata Pata, ndipo mu 1992, Nelson Mandela atatuluka kale m'ndende, anabwerera ku Johannesburg. Mu 2001 anatulutsa chimbale cha Mzilikazi, dzina la mfumu ya Amandebele komanso la komboni ya ku Bulawayo. Achinyamata ankamutcha Aunty Dot.

Chaka chomwecho cha 2001, nyumba ya malamulo ya Zimbabwe inasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo anayenera kukana unzika winawo motsata malamulo a dzikolo, apo ayi ataye wa Zimbabwe. Anthu obadwira ku Shurugwi, ku Redcliff ndi ku Mkoba, amene Lilongwe kapena Chipata sanazionepo, anapezeka ndi zitupa zowatcha alendo, ena n'kulephera kuvota kapena kutenga pasipoti. Mayina onyoza monga mabhurandaya ndi mabwidi anali akale, koma tsopano analowa m'maofesi. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Funso limene mabanjawa anafunsidwa pa kauntala ndi lomwe Dorothy anafunsidwa moyo wake wonse: kodi iwe ndiwe wa kuti? A ku South Africa amamuwerenga wawo, a ku Zimbabwe wawo, a ku Zambia nawo ali ndi gawo. Pamene anali wowopsa, maboma awiri anamukana. Mu 2006 Pulezidenti Thabo Mbeki anamuveka mendulo yasiliva ya Order of Ikhamanga, ulemu wa dziko lomwe linamutsekera khomo.

Ku Gweru lero nyimbo zimaphunzitsidwa ku Midlands State University, ndipo ku Mkoba Teachers College kumatuluka aphunzitsi amene amakatsogolera makwaya m'sukulu za chigawo chonse. Atsikana a m'makalasi amenewa, ena a iwo a Phiri ndi a Banda, akuyenera kumva za Dorothy osati ngati mayi wa mawu okoma chabe, koma ngati mlembi wa nyimbo amene ntchito yake inadyetsa ena. Akuyeneranso kuphunzira kufunika kolembetsa chimene apeka ku mabungwe osonkhetsa ndalama za oimba, ZIMURA ku Zimbabwe, COSOMA ku Malawi ndi SAMRO ku South Africa, amene panthawi ya Hamba Nontsokolo kunalibe.

Anaimba mpaka mapeto. Thandiswa Mazwai anajambulanso Nontsokolo m'chimbale chake cha Belede mu 2016. Mu Epulo 2017, ali ndi zaka 81, Dorothy anakwera pasiteji ya Town Hall ku New York pa konsati ya Abdullah Ibrahim, ndipo mu 2018 anatulutsa Nginje, chimbale chake chomaliza, chokonzedwa ndi Steve Dyer. Anamwalira ku Johannesburg pa 23 Febuluwale 2019 ali ndi zaka 83, atadwala matenda a kuthamanga kwa magazi. N'kuti patangotha mwezi umodzi ndendende Oliver Mtukudzi atamwalira ku Harare, ndi chaka ndi mwezi Hugh Masekela atatsogola.

Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, bungwe la UNICEF linapempha Angélique Kidjo wa ku Benin kuti ajambulenso Pata Pata ndi mawu atsopano olangiza anthu kusamba m'manja ndi kupewa kukhudzana. Nyimboyo inaulutsidwa pa mawailesi m'maiko ambiri a mu Afrika ndi kunja. Nkhani zoilengeza zinaitchula kuti ndi nyimbo ya Miriam Makeba.